Mayeso a Esinati Agwera pa Sabata

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kungoti msana ukundivutabe ndi dengu la tiyi, ndipo masiku ano sindikupeza tulo.

Nkhani ndi ya Esinati ndi sukulu yake ya akaunti, yowerengera ndalama, yophunzirira pafoni ija. Alengeza kuti mayeso akulu alembedwa Loweruka lino m'mawa, pa Sabata penipeni. Akapanda kulemba, abwereza zonse. Choipitsitsa n'chakuti netiweki imagwira pachulu chija chokha, m'mbali mwa munda wa esiteti, pomwe pamadutsa njira ya kutchalitchi. Mpingo wonse udzamuona atakhala pamenepo ndi foni, chonsecho ndi woimba kwaya!

Dzulo ndinamuuza kuti, "Mwanawe, uwapemphe udzalembe dzuwa likalowa."

Anangoseka. "Amayi, ndipemphe ndani? Kompyuta imatseka yokha, siidziwa Sabata."

Bambo ake asiya kumuyankhula. Esinatiyo akungowerenga za katundu ndi phindu la makampani, ngakhale kudya sakudya bwino. Ine ndikamathyola tiyi maso amangothamangira kuchuluko.

Chonde achimwene, inu ndinu amalume ake, komanso Chingerezi mumachidziwa. Muimbireni akupatseni adilesi ya aphunzitsiwo, muwalembere kuti amusinthire nthawi. Lisafike Lachisanu musanachite zimenezi. Ine ndikagwada ndimasowa chopempha kwa Mulungu, kaya kuti akalembe bwino, kaya kuti asapite n'komwe.

Ambuye akusungeni nonse kumeneko.

Ndine mchemwali wanu,
Felesiya