Chitseko cha 4WD

Duncan, 10:12
a Moses, galimoto munandigulitsa lolemba ija yakana kukwera phiri la Usisya. akuzungulira ndi matayala akutsogolo okha

Duncan, 10:13
pa advert munalemba 4WD. ndanyamula apongozi anga, tikupita ku Bandawe, ukwati wanga ndi loweruka

Moses, 10:31
pepani bwana. tabwererani mmbuyo pang'ono muliyambe ndi speed

Duncan, 10:32
kumbuyoko kuli phompho ada

Duncan, 10:34
ndamuika mu group mwana wa apongozi angawo, Idah. muziyankha kwa iyeyu

Idah, 10:40
Duncan amama ali kuti

Duncan, 10:41
ali bhobho

Idah, 10:41
sindinafunse zimenezo

Duncan, 10:44
[chithunzi]

Idah, 10:44
akukankha?? iwe uli phee pa chiwongolero?

Duncan, 10:46
ndinawaletsa. akuti anakankhapo mabwato olemera kuposa kachitini aka

Moses, 11:05
ndafufuza bwana. wolemba advert anangowerenga zomwe zili pa chitseko chakumbuyo. chitsekocho tinachotsa ku galimoto ina, chakecho chinabwera chophwanyika

Duncan, 11:06
ndiye 4WD yanga ndi chitseko chokha

Moses, 11:07
koma ndi original bwana

Idah, 11:09
a Moses chithunzichi ndichiika pansi pa advert yanu. kenako pa group ya amayi a Umanyano a ku tchalitchi, kuyambira ku Sanga mpaka ku Kande

Moses, 11:09
mayi chonde musatero

Moses, 11:10
[uthenga wa mawu 0:48]

Idah, 11:12
sindimvera. lembani

Moses, 11:14
ndikunyamuka ku Mzuzu pompano ndi 4WD yeniyeni. muyendere imeneyo mpaka ukwati uthe, zosinthana tikambirana lolemba

Idah, 11:15
zosinthanazo tamaliza kukambirana. nyamukani

Moses, 11:15
ok mayi

Duncan, 14:05
a Moses afika. amama akwera kutsogolo, ine andisiya pano ndikulondera chitseko changa

Idah, 14:06
anena chani za iwe

Duncan, 14:07
palibe. angofunsa a Moses ngati ali pabanja

Duncan, 14:09
manyazi andigwira Idah. loweruka zilipobe eti

Duncan, 14:32
Idah?

Duncan, 14:50
suti ndinalipira kaletu

Idah, 15:20
ndalankhula nawo amama. akuti galimoto yakukana kale iwe mwana wa eni, nanenso ndisakukane