Matayala Opitira ku Mlolo

Lolemba, 4 Novembala. Nchalo.

Ndafika. Kutentha kwa kuno ndinali nditakuiwala. Potsika phiri la Chikwawa ndinatsegula windo, mpweya wake ngati wa mu uvuni wa njerwa. Ndafikira kwa msuweni wanga Fernando, ku nyumba za ogwira ntchito ku nzimbe.

KaGolf kayenda bwino kuchokera ku Joni, osatsokomola n'kamodzi komwe. Kofiira, kotsika, marimu akuda a mainchesi 18. Zaka zonsezi ndakhala ndikukwawa pansi pa magalimoto a eni ake, koma aka ndi kanga. Ku bwalo la mipikisano, pa kona, kamakakamira phula ngati nkhupakupa.

Fernando wakazungulira, n'kugwada pa tayala lakutsogolo, kuyeza mpira ndi zala. "Iwe Augustino, mpira wake uli pati apa? Msewu wa ku Mlolo umaudziwa kapena unangoumva?" Ndamuuza kuti mchombo wanga uli komweko, asandiphunzitse.

Ndaimbira mlongo wanga Anna. Akuti Ababa akupezako bwino, miyendo yaphwako, adya phala. Kenako eni ake atenga foni. Mawu otsika, koma nthabwala zikadalipo. "Pyadidi, zili bwino, mwananga. Koma usabwere wapansi. Ndauza mudzi wonse kuti ukubwera pa galimoto yakoyako."

Sindinawaone chichokereni. Ndawasowa kwambiri.

Lachiwiri, 5 Novembala.

Fernando sakunama, kungoti pakamwa pake pamandinyansa. Matayala a 225/40 ndi a phula losalala. Mpira wam'mbali ndi wochepa, mwala umodzi wafika pa rimu. Ofunika ndi a 16, 205/55. Msinkhu wa tayala umakhala womwewo, koma mpira wambiri, chitsulo chochepa. A 15 akanaposa apo, koma sangalowe, amakhula mabuleki. Zonsezi ndimazidziwa, ndimauza makasitomala tsiku ndi tsiku.

Chopweteka n'chakuti a 16 ndili nawo. Anayi, ali phee pa kona ya galaja ku Joni. Ndinawayang'ana tsiku lonyamuka n'kuwasiya. Galimoto imaoneka ngati ya agogo ikavala amenewo, ndipo chithunzi chimene Ababa amaonetsa anthu pa foni ya Anna chili ndi marimu akudawa.

Ndazungulira Nchalo yense, mpaka ku Ngabu. Matayala alipo, marimu ndiye ayi. Onse ndi a magalimoto a ku Japan, mabowo asanu ndithu koma sakugwirizana ndi anga. Wina wa ku Limbe akuti apezeka Lachisanu. Mtengo wake ndinachita kukhala pansi.

Fernando akuti ndisiye galimoto pakhomo pake, ndikwere minibasi mpaka Bangula, ndiwoloke pa bwato, tsidya linalo kabaza. Dzuwa lisanapendeke ndili kwathu. Ndaimba kuti ndinene zimenezo. Ababa anali mtulo, ayankha Amai. "Dikira galimotoyo, mwanawe. Abambo ako asachite manyazi. Kuno kulibe chothamangira."

Chabwino. Ndidikira.

Lachinayi, 7 Novembala. Kwa Makhuwira.

Sindinadikire.

Dzulo tsiku lonse kungokhala pakhonde la Fernando, kuwerenga mathirakitala a nzimbe. Mamawa ndati basi, ndiyenda pang'onopang'ono, ndizizemba miyala. Ndapopa matayala molimbirako. Kukhota pa Thabwa. Pomwe pali phula, bwinobwino, mpaka ndinayamba kuimba. Phula litatha, mano kugundana. Giya yoyamba, yachiwiri, yoyambanso. Anthu a njinga zonyamula makala kumandipitirira.

Mtsinje wouma, miyala yokhayokha yotsika kuphiri. Tayala lakutsogolo kumanzere, phuu. Lang'ambika m'mbali, poti sungamate. Ndaika sipeya, kaja kowonda. Mtsinje wachiwiri, lakumbuyo, ndipo rimu yapindika. Sipeya wina ndilibe.

Ndinakhala pa mwala dzuwa likundiwotcha pamutu, kufuna kulira. Munthu wamkulu ngati ine.

Anthu andithandiza kukankha mpaka pakhomo la a Geresomo, mkulu wa mpingo wa pano. Aika kagalimoto pansi pa mtengo wa mango. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anaima n'kuyang'ana matayala. "Galimoto yokongola chonchi, mwaiveka masilipasi?" Onse kuseka. Ndinasekanso, nanga n'kutani.

A Geresomo akana kuti ndikafune chipinda cha lendi. Ndigona pabalaza pawo.

Lachisanu, 8 Novembala.

Wa ku Limbe akuti Lolemba. Awiri wapeza, awiri akuchokera ku Lilongwe. Ndamutukwana, kenako ndaimbanso kupepesa, chifukwa wina woti andipezere kulibe.

Kuchokera pano njinga yamoto ingandifikitse ku Mlolo tiyi asanazizire kwenikweni. A Geresomo anena okha, atero kuti galimoto aziyang'anira, palibe angaikhudze.

Ndaimba masana. Ababa anali maso. Ndawauza kuti ndibwere pa njinga, ndidzawaone, ndibwerere kudzatenga galimoto. Akana. Anandikumbutsa za mwana wa aneba athu, uja ankatumiza zithunzi ataima pa galimoto ya bwana wake, n'kudzatsika pa kabaza ndi chikwama chimodzi. Mpaka lero pa bawo amamuseka bambo ake. "Ine andiseke ndili moyo? Uli pafupi kale. Ikonze, ubwere ukuliza hutala."

Anapuma kawiri pakati pa mawu amenewo. Ndinamva. Ndinafunsa Anna, akuti ndi kutenthaku, aliyense akupuma choncho.

Ndavomera. Ndipo ndinavomera msanga kwambiri. Ndikuopa kuwaona ataonda. Munthu uja ankanyamula thumba la mpunga paphewa kuchokera ku dimba osatula. M'mutu mwanga akadali yemweyo, ndipo ndikufuna akhalebe yemweyo mpaka Lolemba.

Madzulo ndatsuka galimoto ndi ndowa imodzi ya madzi. Mango akugwera pa denga.

Lamlungu, 10 Novembala.

Anna waimba kukucha. Sanandipatse moni.

"Achimwene, matenda akula. Galimoto isiyeni."

Kumbuyo kwake kunali zii. Ngakhale tambala.

Mawu amenewa ndimawadziwa. Ine ndemwe ndawauzapo anyamata ku Joni, uthenga ukabwera kudzera kwa ine: pita kumudzi, matenda akula. Munthu sumuuza pa foni ali yekha kutali. Ndawabwereza kwa a Geresomo momwe Anna wanenera. Sanafunse kanthu. Avula jekete la ku tchalitchi, apita kukaitana wa njinga yamoto. Akazi awo andigwira dzanja ndi manja awiri.

Komabe ndikulongedza bulangete lija ndinawagulira, ndi mankhwala opaka miyendo. Mwina akula basi. Matenda amakula munthu n'kukhalapo.

Njinga yafika.

Lachitatu, 13 Novembala. Mlolo.

Tinaika Lamlungu lomwelo, dzuwa litapendeka. Ndi kutentha kuno thupi silidikira munthu. Ababa anatisiya Loweruka madzulo. Ine nthawi imeneyo ndinali kupukuta marimu.

Ndinawaona nkhope. Yaing'ono. Ndikanakumana nawo pa msewu sindikanawazindikira. Bulangete tinawafunditsa lomwelo.

Ulendo wa njinga sunatenge nthawi. Ndicho chikundidya. Kuchokera malo amene ndinakhala masiku onse aja kufika pakhomo pano, ndi pafupi zedi.

Dzulo Anna wandiuza zoona. Phala lija linali bodza. Anasiya kudya ndisanawoloke n'komwe malire a Mwanza. Analamula okha kuti ndisauzidwe, kuti ndingasiye galimoto m'njira. Ndikaimba ankawadzutsa, kuwatsamiritsa pa khoma, kuwanyowetsa milomo kuti mawu atuluke.

Ndinamukalipira Anna pamaso pa anthu. Ndinati wandibera bambo anga. Sanalire. Anangoti, "Ine ndimawasambitsa, inu mumafunsa za marimu. Munafunsa kangati kuti ndikuuzeni zoona?"

Kamodzi. Ndipo yankho lake ndinalilandira ndi manja awiri.

Sitikuyankhulana. Amabweretsa chakudya n'kuika pansi, n'kubwerera.

Pa maliro anthu amandipepesa bwinobwino, koma maso amapita ku msewu. Ndamva mkulu wina wa pa bawo akunong'oneza mnzake kuti, "Wabwera pa chiyani?" Mnzakeyo anangoloza njinga ndi mlomo. Ndiye kuti zonse zija Ababa ankaziopa zachitikabe. Sanandione, galimoto sanaione, ndipo anthu akuseka.

Lachinayi, 14 Novembala.

Tameta. Mutu ukuwawa ndi dzuwa.

Wa ku Limbe waimba mosangalala, marimu onse anayi alipo, matayala waika kale, awatumiza pa minibasi mpaka Thabwa. Ndinafuna kumuuza kuti awadye. Ndinayang'ana Amai. Iwo anamva zonse, foni yanga imafuula.

"Pita ukaitenge galimotoyo."

Ndati ya chiyaninso. Ndati ndiigulitsa komweko, kapena ndiisiye iwole pansi pa mango. Amai sanakweze mawu. Akuti mwamuna wawo sanali wabodza, ndipo safuna mudzi uno umuike m'gulu la abodza.

Loweruka, 16 Novembala.

Dzulo kwa a Geresomo. Matayala anafika pa njinga ziwiri, omangidwa ndi malegeni. Jeke, sipanala, mabauti. Ntchito yosatenga ndi ola lomwe. Mabuleki sakukhula, malo alipo okwanira. Marimu akuda aja ndawasiya kuseri kwa nkhokwe yawo, aone okha chochita nawo. A Geresomo akana kulandira chilichonse, angopemphera.

Lero ndayenda. Miyala yomwe ija, mitsinje youma yomwe ija. Kagalimoto kumangodutsa mofewa, mpira ukumeza zonse. Pa mchenga kanaterereka pang'ono n'kugwira. Palibe pomwe ndinatsika. Ndinakwiya njira yonse. Bwenzi pena patavuta, ndikanapeza chonamizira.

Hutala sindinalize. Anthu anatuluka okha. A pa bawo anaimirira, mmodzi anavula chipewa. Anna anali pa mjigo, anatula ndowa n'kuphimba nkhope ndi chitenje.

Kanjira kolowera kwathu ndimakadziwa ka njinga. Pano ndi kotakasuka, zitsa zozulidwa, maenje okwiriridwa. Lamlungu lija sindinaone, maso anali kwina.

Ndinaima pabwalo. Amai anandikodola kuti ndipitirire, akuloza chisakasa chija tinkagonamo amuna pa maliro. Ine ndinkayesa anamangira maliro. Ayi. Akuti Ababa anamangitsa mwezi watha, nditangonena tsiku lobwera. Mitengo anasankha okha. Udzu ankamanga mitolo ali pa mpando, miyendo itatupa, akuti galimoto ya mwana wawo isapse ndi dzuwa la kuno.

Ndalowetsa. Chisakasacho ndi chachikulu, mungalowe lole ya thonje. KaGolf kangokhala pakati, malo otsala mbali zonse. Amai anayang'ana, kuyang'ananso. "Kani ndi kakang'ono chonchi? Iwo pa chithunzi paja ankati ndi chigalimoto."

Anaseka pang'ono, kenako anagwira chitseko cha galimoto n'kuyamba kulira, kuwaitana Ababa dzina lawo la paubwana.

Injini ndazimitsa kalekale. Ndikulemba ndili m'katimo, mawindo otseka, thukuta thupi lonse. Anna waima panja ndi kapu ya madzi, wagogoda kawiri. Ndikatsegula sindikudziwa kuti ndiyambire pati kumuuza kuti andikhululukire.