Nkhope ya Bambo Ikukana Paudala

Lachiwiri, 8 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka ndithu. Denga la kukhitchini lija tinakonzetsa, silikudonthanso.

Ntchito ndikadali nayo yomwe ija, yophoda anthu a m'gulu lathu la zisudzo asanakwere pasiteji. Mumandiseka kuti ndimangosewera ndi fumbi, koma magetsi a pasiteji ndi ankhanza, achimwene. Munthu wa nkhope yamafuta akangoima pansi pake, mphumi imang'anima ngati sefuliya yatsopano. Ndiye ndimayamba ndawasambitsa ndi madzi ozizira, n'kuwadinda ndi tishu, osakhula ayi, kenako paudala pang'onopang'ono pamphumi, pamphuno ndi pachibwano. Mwa onse a m'gululi, nkhope ya Bambo athu ndiyo inali yosavuta. Burashi kamodzi basi, iwo n'kudzuka pampando akuti, "Ena inu muzidya mafuta pang'ono."

Kuyambira mwezi watha zinthu zasintha. Ndikawaphoda, ndisanatseke n'komwe kachitini, mphumi yayamba kale kuwala. Ndinayesa kuwaika ayezi wokulunga m'kansalu. Ndinagula paudala wina wouma kwambiri. Ndinawaletsa kudzola chilichonse m'mawa. Tsiku lina ndinathira wambiri, koma anangosanduka matope m'makwinya.

Lamulungu masana holo inadzaza. Bambo akuchita mbali ya woweruza milandu, ndipo pamene amapereka chilango kwa mnyamata wopha mnzake anthu amakhala chete, ena amalira. Koma tsikulo paudala anayamba kuyenderera, mizere yoyera kutsika m'masaya mpaka pakolala ya mkanjo. Mayi wina anakuwa kuti, "Woweruza akusungunuka!" Holo yonse inafa nalo phwete. Ine ndinali kuseri kwa katani, tishu ili m'manja, koma sindikanatha kulowa. Bambo sanaphonye liwu ngakhale limodzi. Anamaliza chigamulo chonse anthu akuseka.

Titatha, mkulu wa gulu analowa m'kachipinda kathu kovalira ali wolusa.

"Iwe, ntchito yako ndi chiyani pano? Bambo ako omwe akukukanika?"

"Pepani, ndinalakwitsa kasakanizidwe," ndinatero.

Anati zikachitikanso Loweruka likubwerali, mbali ya woweruza aipereka kwa munthu wina, chifukwa anthu sangamalipire kudzaseka sewero lachisoni. Atatuluka, Bambo anandiyang'ana pagalasi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Wachita bwino, mwanawe. Pakamwa pako pakhale pomwepo."

Achimwene, ine mafuta a pankhope ndimawadziwa, ndakhala ndikulimbana nawo zaka zonsezi. Amasiya banga patishu ndipo amakonda pamphuno. Izi si mafuta. Ndi thukuta lozizira, limatuluka ngakhale atakhala pamthunzi osachita kanthu. Mkanjo uja ndaubweza kale m'mapewa kuti usawalendewere. Mtundu wa paudala umene ndinkawasakanizira sukugwirizananso ndi khungu lawo, layamba kutuwa, ndipo maso achita chikasu. Nkhope imeneyi ndimaigwira ndi manja anga tsiku ndi tsiku. Mafupa amene kale sindinkawamva, pano ndikuwamva.

Dzulo ndinawakakamiza kupitanso kuchipatala kukamva zotsatira za magazi. Adokotala anandiitanira pambali. Analankhula zambiri za chiwindi, koma chimene ndinagwira n'chakuti tinachedwa. Mankhwala anatipatsa ongochepetsa ululu. Nditafunsa ngati ndiwaletse zisudzo, anangoti, "Asiyeni azichita zimene amakonda." Pobwerera Bambo sanandifunse kanthu. M'basi monse ankangobwereza mawu a woweruza chapansipansi, chala chikugogoda pabondo.

Ndiye Loweruka ndidzawasambitsanso, ndidzawadinda, ndidzawaphoda. Ndikudziwa kuti sizigwira. Ndikauza mkulu wa gulu zoona, awachotsa mwaulemu ndipo adzangokhala pakhomo kudikira. Ndikakhala chete, awachotsabe, koma anthu atawasekanso. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa, njira yachitatu sindikuiona.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti sindinawaiwale. Ana muwapsompsone, makamaka wamng'ono uja amene agogo ake sanamunyamulepo. Bambo akuti ndikuuzeni kuti ali bwino kwambiri ndipo musavutike n'kubwera, ndiye ndakuuzani monga anditumira. Koma ine ndikuti musadikire tchuthi cha ana. Mukapezeka Loweruka, mudzakhale pampando wakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko. Ukakhala kumeneko amaonekabe ngati Bambo amene munawasiya.

Ndatha ine mlongo wanu,
Wamng'ono