Ndidzalirira tsidya la msewu

Limerick, Ireland
Mwezi wa Julaye

Okondedwa achimwene a Fyson,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu pamodzi ndi alamu anga ndi ana onse kumeneko ku Mlangeni. Nanga amayi akudzuka bwanji ndi miyendo ija? Ndamva kuti chisanu cha chaka chino chawaula ndi mbatata ya kudimba yomwe, ndiye muziwasonkhera moto m'mawa, musamadikire kuti achite kupempha. Ife kuno Mulungu akutisunga, tili bwino tonse awiri, ine ndi mwana wanga Atikonda.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pafoni timangokangana. Ulendo watha uja munandidula ndisanamalize, kenaka n'kumati ndi netiweki. Ndimakudziwani, achimwene, munayamba kale khalidwe limeneli tili ana. Kalatayi ndapatsira a Silvester, mnzathu wa kutchalitchi kuno amene kwawo ndi ku Dedza. Iwo ali ndi pasipoti yawo ndipo akubwera kudzaona makolo. Mukailandira, muitane amayi ndi a malume a Raymond, muwawerengere yonse osadumpha ndime imene yakuwawani.

Za kuno n'zomwe zija. Mvula imagwa ngakhale mwezi umene eni ake amati ndi chilimwe. Ndikugwirabe ntchito kunyumba yosungirako okalamba, ndimawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwapesa. Pali gogo wina amene salola kuti munthu wina amudule zikhadabo koma ine. Ndikamamugwira mapazi ndimaganiza za mapazi a amayi, ndipo zimandiwawa kuti ndikusamala amayi a eni pamene anga akusamalidwa ndi mpongozi. Alamu anga muwathokoze, ngongole imeneyo ndikuidziwa.

Atikonda wakula, wandipitirira msinkhu. Dokotala amamuona khungu kawirikawiri ndipo zilonda zija za pakhosi zinatheratu. Anamupatsa magalasi atsopano, moti tsopano amawerenga pabolodi osachita kuimirira. Chichewa chake ndiye chikumka chipindika, amati "ndadya madzi", koma akakwiya amakalipa ngati azakhali ake enieni. Chimene ndikufuna mumve n'chakuti amapita yekha kusukulu. Amatuluka m'mawa, amakwera basi, amabwera madzulo, ndipo palibe amene amamutsatira. Zaka zoyamba ndinkaima pawindo mpaka atakhota. Tsopano ndinaleka.

Ndifike pa nkhani ya chiliza cha abambo. Uthenga wanu ndinaumva, kuti mwambo udzakhalako mwezi wa Seputembala. Ndinamvanso mawu a amayi amene munawajambula pafoni. Ndawabwereza mpaka ndawaloweza: "Mumuuze Janeti kuti bambo wake anagona osamva kulira kwake. Akapandanso kubwera ulendo uno, ine ndingowerengera kuti ana anga ndi amene ndikuwaonawa." Sindikuwadandaula. Maliro a abambo ndinawaonera pafoni, nditakhala pa bedi, ndipo pamene adzukulu amayamba kukwirira foni yanu inazima. Ndinalira ndekha m'chipinda, wondigwira panalibe. Kumeneko si kulira maliro, ndipo ndikudziwa kuti amayi akunena zoona.

Koma pali chimene inu simunafune kuchimva, ndiye ndichilembe. Pasipoti ya Malawi ndilibe. Ndinaipereka kwa a boma la kuno tsiku limene ndinapempha kuti atisunge ngati othawa kwawo. Mukukumbukira chimene tinathawa. Mukukumbukira anthu aja amene anamugwira Atikonda pa njira ya kuchigayo chifukwa cha khungu lake lachialubino, ndipo ndi inu amene munamulanditsa, chipsera chake muli nacho pamkono. Nkhani imeneyo ndinaifotokoza kwa anthu a kuno kambirimbiri, ndipo pomaliza anavomera kuti mwanayu kwawo sangakhale mwamtendere. Anatipatsa malo, aliyense ndi kabuku kake koyendera, ka buluu, kokhala ndi mizere iwiri yakuda pakona. Ukakaona ungati ndi pasipoti. Koma mkati analembamo kuti ndingapite nako dziko lililonse kupatula Malawi.

Loya amene anatithandiza pa mlandu wathu anandimasulira bwinobwino. Anati munthu amene wanena kuti kwawo kuli zoopsa, akapezeka kuti wabwererako yekha, a boma angathe kunena kuti zoopsazo zatha kapena kunalibe n'komwe, n'kuyamba kuunikanso nkhani yake. Ndinamufunsa ngati samvera chisoni munthu wopita ku maliro a bambo wake. Anati nthawi zina amamva, nthawi zina ayi, ndipo iye sangandilonjeze kanthu. Anandikumbutsanso kuti mapepala a Atikonda anatsamira pa nkhani imene ndinanena ineyo. Ndikagwa ine, agwa nayenso.

A malume anati pafoni, kodi ndani angakuone, popeza ku Mlangeni malire ndi msewu ndipo anthu amawoloka ndi madengu a tomato tsiku ndi tsiku popanda wowafunsa. Akunena zoona, ine ndinakulira pomwepo. Koma a malume aiwala kuti masiku ano pa chiliza pamakhala mafoni ochuluka kuposa mabuku a nyimbo. Kuno tili ndi bambo wina dzina lake Steve, wa ku Zimbabwe. Amayi ake atamwalira anakwera ndege mpaka dziko loyandikana nalo, n'kulowa kwawo mozemba. Anakhala masiku ochepa, anabwerako bwinobwino. Koma mphwake anajambula mwambo wonse n'kuuika pa intaneti, iye akuoneka atanyamula bokosi, ndipo wina amene sankamufunira zabwino anakatula nkhaniyo kwa a boma la kuno. Pano akuyenda m'maofesi, ntchito anasiya, ana ake sakudziwa ngati chaka chamawa adzakhala ali pasukulu yomweyo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo inu mukudziwa kuti anthu amene anamugwira mwana wanga sanachokere kutali, ndipo ena mwa abale awo adzakhala pa mwambowo, akudya nawo.

Ndiye ndinakhala pansi n'kuganiza. Kabukuka kakundiletsa Malawi, koma sikakundiletsa Mozambique. Amayi aang'ono a Esnath anakwatiwa tsidya la msewu, ndipo ukaima pa khonde lawo umaona mitengo ya kumanda kwathu. Ndinafunsa loya uja ngati kufika pamenepo n'kulakwa. Anayang'ana mapu nthawi yaitali, akudabwa kuti dziko lingathere pakati pa mudzi ndi mudzi. Kenaka anati palibe cholakwa malinga ndisaponde tsidya la Malawi, ndipo ndisunge matikiti ndi zidindo zonse zosonyeza kumene ndinali.

Musaganize kuti zinali zapafupi. Ndi pasipoti yathu ija munthu umangolowa, koma ndi kabuku aka anandiuza kuti ndiyenera kupempha viza ndisananyamuke. Tangoganizani, achimwene. Mozambique yomwe ija tinkakatolako nkhuni, kumene mbuzi za abambo zinkakadya msipu n'kubwerako madzulo, lero ine ndikuchita kupempha chilolezo, ndi chithunzi chomwe. Ndinaseka ndekha, koma kuseka kwake kunali kowawa. Anafuna kalata ya munthu wondiitana, yokhala ndi keyala yake. Nanga amayi aang'ono keyala aitenga kuti, poti nyumba yawo timailondola ndi mtengo wa mapichesi? Mwamwayi mwana wawo Gibson ndi mphunzitsi ku Ulongwe, ndiye analemba ndi iyeyo, n'kukadinditsa kumene amadinditsa. Ndinadikira mpaka ndinayamba kutaya mtima. Viza yatuluka sabata yatha.

Za ndege nazonso zinandidya mutu. Tikiti yotsika mtengo inali yoti ndege ikatere kaye ku Blantyre, ndiye ndinaikana, wogulitsayo mpaka anandiyang'ana ngati wamisala. Ina inali yodzera ku Joni, koma anati kumenekonso angandifunse viza yongodutsira. Ndatenga yozungulira, yokafika ku Maputo, kenaka ina ya ku Tete. Kuchoka apo ndi basi mpaka ku Ulongwe, kumene Gibson adzandichingamire.

Atikonda sindibwera naye. Izi muwauze amayi mofatsa, chifukwa ndikudziwa kuti akufuna kumugwira kumaso mdzukulu wawo. Iye walira, akuti akufuna kukaona pamene anagona agogo ake amene ankamusokera zipewa. Koma kumalire kumeneko ndi kumene anthu aja ankafuna kumuwolotsera, ndipo ine sindingagone tulo ali kumeneko. Adzatsala ndi banja lina la kutchalitchi. Mapepala a unzika tinapereka kale, ndipo akadzatuluka mwina zinthu zidzasintha, koma sindikudziwa kuti ndi liti, ndipo miyendo ya amayi siikudikira boma la eni.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Kwathu munthu amene maliro anamupeza ali kutali, akamabwera sangolowa m'mudzi ngati mlendo. Amayamba kulira ali panjira, ndipo amayi a m'mudzi amatuluka kukamuchingamira, kumulanda katundu, kumugwira uku ndi uku mpaka kukamukhazika pamphasa pafupi ndi ofedwa. Akalira n'kutonthola, akulu amamufotokozera mmene matenda anayendera, kenaka amamuperekeza kumanda. Ndinaona amayi akuchitira zimenezi anthu ambiri, ngakhale amene sanali abale athu. Ine kumanda sindikafika, ndipo mphasa ya pakhomo pathu sindidzaikhalira. Chimene ndikupempha n'chakuti m'mawa wa tsiku la chiliza, mwambo usanayambe, amayi ndi amayi anzawo awoloke msewu adzandilandire kwa amayi aang'ono. Ngati miyendo ikana, muwakweze pa njinga, inu mukukankha. A malume adzabwere adzandifotokozere za matenda a abambo monga mwa mwambo, kuyambira tsiku limene anagwa kumunda, ngakhale zambiri ndinazimva kale pafoni. Ndikufuna kuzimva nditakhala pansi, wina atandigwira.

Ndikudziwa zimene anthu adzanene. Adzati Janeti wafika pakhomo n'kukana kulowa, Ulaya wamulowa m'mutu, akuona ngati fumbi la kwawo limudetsa. Ena adzati mwambo wotere sunachitikepo, kuti ofedwa ndiwo atsate wodzalira. Anene. Koma inu, achimwene, tsiku limenelo musadzandikoke dzanja. Ndikukudziwani, mudzaona amayi akulira ndipo mudzati tiye, ndi masitepe angati, palibe akuona. Ndipo ine ndidzakhala wofooka tsiku limenelo, mwina ndingadzavomere. N'chifukwa chake ndikukupemphani panopa, mutu wanga uli bwino. Mukadzaona ndayamba kulowera kumsewu, mudzandigwire ndi inuyo. Munamulanditsa kale mwana uja kamodzi.

Mwambo ukadzayamba kumanda, ine ndidzakhala pa khonde. A kwaya muwauze adzakweze mawu, mphepo ya Seputembala imachokera komweko. Gule wa ngoma wa anzawo a abambo ndiye sindikudera nkhawa, mapazi awo amamveka ndi ku Lizulu komwe.

Ngati amayi akana kuwoloka, musawakakamize ndipo musandibisire. Ndidzabwerabe. Ndidzalira pamene ndingathe kufika, ndidzagona kwa amayi aang'ono masiku amene viza yandilola, kenaka ndidzabwerera kwa mwana wanga. Mawu awo aja akadzakhala omaliza, ndidzawasenza. Koma muwauze kuti sindinasankhe dziko la eni kuposa bambo wanga. Ndinasankha kuti mdzukulu wawo azipita kusukulu n'kumabwerako.

Mundiperekere moni kwa a malume ndi akazi awo, kwa azakhali a ku Kasinje, kwa alamu anga, ndi kwa ana anu onse, makamaka wamng'onoyo amene sindinamunyamulepo. Amayi aang'ono muwauze asavutike ndi kuzira nyumba, ndikubwera ngati mwana wawo. Atikonda akuti moni kwa agogo, ndipo wajambula chithunzi chimene ndidzabwere nacho pamanja.

Amayi muwauze kuti m'mawa umenewo azidzatchera khutu chakumadzulo. Akadzamva munthu akulira tsidya la msewu, asadzatume mwana kukaona kuti ndani.

Ambuye akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mlongo wanu,
Janeti