Mthunzi wa Batani Langa

Lolemba, 3 Malichi
Sabata yomaliza yondiyesa ntchito. Lachisanu abwana anena ngati ndikhale kapena ndinyamule kapu yanga. Andipatsa kantchito kamodzi: batani la "Tumizani" pa pulogalamu ya pakompyuta ya kasitomala. Batani basi. Koma ine kufuna kuoneka katswiri, ndaliikira mthunzi m'mbali. Watuluka wodulidwa kumanja ngati wametedwa ndi lumo lobuntha. Maso akuwawa.

Lachiwiri, 4 Malichi
Ndachigwira! Kanthu kalikonse pa sikirini kamapatsidwa bokosi lake, chopyola m'bokosimo chimadulidwa. Ndiye ine, mwana wanzeru, ndachotsa chodulacho. Mthunzi wonse poyera. Ndauza alamu, amene ndimagona pa sofa yawo, kuti ntchito ndi yanga kale. Iwo: "Zikomo alamu, mwina sofa yathu ipumako." Achemwali anaseka mpaka kugwetsa supuni. Zinandibaya, koma n'zoona. Khosi langali likuidziwa sofa imeneyo.

Lachinayi, 6 Malichi
Dzulo sindinalembe. Manyazi. Ukasuntha batani, mthunzi wakale ukutsala pomwepo. Sikirini yonse mawangamawanga ngati nkhuku yapondapo ndi matope. Ndinali ndi mantha enieni.

Wamagalasi, wa desiki yoyandikana nane, amene salankhula asanamwe tiyi, anasuzumira. "Aise, malire ndi awiri. Pali pomwe wapatsidwa kukhala, pali pomwe wanena kuti utoto wako ufika. Iwe ukupenta kwa aneba osauza wopukuta, ndiye kompyutayo. Apukuta bwanji pomwe sakudziwa?"

Ndabwezera chodula chija, ndakulitsa pang'ono malire a utotowo kuti mthunzi ukwanemo. Ndangolemba timizere tochepa m'pulogalamumo. Sikirini mbee! Ndinatsala pang'ono kumupsompsona padazi. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo mmisiri wake ndi ine.

Lachisanu, 7 Malichi
Kasitomala anabwera, mayi wa chikwama chachikulu. Anadina, anasuntha, anakoka windo la pulogalamuyo uku ndi uku. Palibe chotsala. Abwana: "Lolemba ubwere, desiki ndi yako." Mtima unakhala m'malo. Alamu, sofa yanu itengeni!

Ponyamuka, mayi aja anatulutsa kampango n'kuyamba kupukuta sikirini m'mphepete mwa batani langa. Kupukuta, kupukutanso. "Zonse zili bwino, koma kalitsiro aka sikangachoke?"

Wamagalasi anatsamwa ndi tiyi.

Ntchito yanga yoyamba Lolemba: kuchotsa mthunzi.