Katoni ya Magemu Pansi pa Bedi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Hopley tilipo, kungoti mwendo wa amayi ukuvutabe.

Zimene achita alamu anu zandinyansa kwabasi. Anawerenga pa foni kuti gemu ina ya mpira yagulidwa kwambiri padziko lonse. Basi anagulitsa firiji yanga yomwe ndinkaumitsira mafiriziti, tizakumwa totsekemera ta m'mapulasitiki tomwe ndinkagulitsa, n'kukaoda katoni yathunthu ya madisiki m'tauni. Nditafunsa, anati: "Mayi a Chisomo, manambala sanama."

Sanamadi, koma phindu akunenalo ndi la eni gemu, osati la ife ooda. Kuno angagule disiki ndani? Anthu amangokopetsa pa fulashi, komanso akuti iyi ndi ya chaka chatha, osewera ake anasintha kale matimu. Katoniyo ili phee pansi pa bedi.

Dzulo ndinawapeza akumwetulira, ati malonda a gemuyo akwerabe. Ndinawayankha kuti: "Mwakweza ndinu. Iwo anagulitsa, inu munagula."

Chonde muwayimbire, mwina inu angakumvereni, koma musawatumizire kalikonse. Mulungu akusungeni. Kuno dzuwa likuswa mtengo, ndipo ana asukulu akundidutsa pakhomo kukagula mafiriziti kwa aneba.

Mlongo wanu,
Esinati