Ndidalitseni, amalume Deivis

Lolemba, 3 Malichi

Amupha Franyer wokonza njinga uja. Masanasana, pamasitepe otsikira kumsika. Anyamata a Deivis, mkulu wa zigawenga paphiri pano, amuwombera m'kamwa, ati anali chule, ankaulula zawo kupolisi. Magazi ndakolopa ndine poti anayenderera mpaka pakhomo panga. Mwana wanga Yorlenis wafunsa ngati Franyer wafika kale kwa Atate akumwamba. Ndamukalipira kuti adye arepa yake, kamkate kachimanga.

Lachitatu, 5 Malichi

Tsopano akuti chule wina ndi Eudys. Mwamuna wanga, munthu woopa ndi nkhuku yomwe. Mlandu wake ngwakuti ananyamula wapolisi panjinga yake ya kabaza. Ndamuuza athawire kwa mlongo wake ku Barinas, wakana, ati wosalakwa sathawa. Chitsiru.

Kupemphera kwandikanika, mantha okhaokha. Yorlenis amalankhula ndi Mulungu ngati akutuma bambo ake kugolosale. "Atate, asawaphe adadi, mwamva? Chabwino." Basi, n'kupita kokasewera.

Lachinayi, 6 Malichi

Sitinatuluke. Mfuti kumtunda tsiku lonse.

Loweruka, 8 Malichi

Anabwera atatu tikudya. Chitseko anachita kuthyola. Eudys anamumenya ndi mfuti kukamwa, mano pansi, kenako Deivis anamugwaditsa n'kumuloza pamutu.

Yorlenis anatuluka kuchipinda, napinda manja pachifuwa monga amachitira akaona wamkulu. Deivis ndiye anamuimirira paubatizo, kale asanasanduke chilombo.

"Ndidalitseni, amalume."

Deivis anandiuza ndichotse mwanayo. Sindinamuchotse. Mwana naye sanasunthe, tinamuphunzitsa tokha kuti sachoka asanayankhidwe.

"Amalume, simunayankhe."

Mwana samanidwa mdalitso, ngakhale ndi chigawenga. Anzake aja anayang'ana pansi.

"Mulungu akudalitse," anatero Deivis, mawu osamveka bwino. Anatsitsa mfuti, n'kuwombera Eudys pabondo. Ati mawa asatipezenso paphiri pano.

Ndikulemba ndili kuchipatala. Mwendo mwina audula. Deivis ndikumufunira imfa, sindibisa. Nyumba yapita, njinga yapita, kopita sindikukudziwa.

Yorlenis wandikoka siketi, magazi a bambo ake akadali pansapato zake.

"Amayi, tithokoze. Atate amva, sanawaphe. Za mwendo ndine ndinaiwala kuwauza."

Wagwada pakhonde pomwepo, anthu akudutsa, ndipo akundidikira.